Dzanja la Estere

Lachitatu la sabata yachiwiri ya Malichi

Linali Lachitatu, nthawi itangokwana 9 koloko m'mawa, pamene anabwera naye Estere. Ine ndinali kukolopa khonde la chipinda chomangira zikhakha. Anamukweza pa njinga, bambo ake akukankha, mayi ake akutsatira pambuyo ndi nsapato m'manja. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Dzanja lamanja analifumbata pachifuwa m'kati mwa chitenje, ndipo zala zake zinali zakuda ndi utomoni wa fodya. Sankalira. Ankangoluma mlomo.

Ana anga, nkhani ya mtsikana ameneyu sindinakuuzenipo. Tsopano ndapuma pa ntchito, ndipo Chisomo wandigulira kope kuti ndilembe za moyo wanga. Kulemba kwanga ndi kwa Sitandade 5, mudzakonza nokha molakwikamo. Koma ndisanafike kwa Estere, ndiyambe ndi momwe ndinapezekera pa khonde limenelo.

Chaka chimene Tadala anayamba kuyenda

Sukulu ndinasiya ndili ndi mimba ya iwe Tadala. Zimenezo mukuzidziwa. Chimene simudziwa ndi momwe ndinkayendera ku sikelo. Ndinkafunda chitenje kumutu ngakhale dzuwa liswe mtengo. Amayi a pamzere ankandiyang'ana pamimba, kenako kumaso, kenako n'kuyang'anana okhaokha. Ndisanafike kunyumba, mbiri inali itafika kale. Kuyambira nthawi imeneyo mawu anga anachepa, ndipo sanabwererenso onse.

Ntchito yoyamba ndinaipeza pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi Chisepo. Azakhali anga ankaphikira namwino wa pamenepo, ndiwo anandinenera. Ndinkasesa, kutunga madzi ku mjigo, kuchapa nsalu za magazi ndi kuwotcha zinyalala, iwe Tadala uli kumsana. Magolovesi sitinkataya ayi. Tinkawachapa n'kuwayanika pa chingwe ngati zovala za khanda. Bwana wathu anali bambo Mwale, munthu wa mtima wapachala koma wodziwa ntchito. Dzina langa la Nambewe sankalitchula. Ankangoti, “Mayi Chete, beseni!” Ndiwo anandiphunzitsa lamulo limene ndinalisunga mpaka tsiku lopuma: chilichonse chochoka kwa wodwala, ukamatuluka nacho uzivundikira ndi nsalu. “Ulemu wa munthu uli pansi pa nsalu imeneyo,” ankatero.

Kumeneko ndi kumene ndinaona koyamba chimene fupa lingachite. Mayi wina wa ana atatu anagwa pa ngolo n'kuthyoka dzanja, pamene timavala wotchi. Anapita naye kwa womanga mafupa wa kumudzi. Sindinyoza anthu amenewo, alipo ambiri amene anachira m'manja mwawo. Koma ameneyu anamanga timitengo ta nsungwi ndi luzi mothina kwambiri, pamkono potupa kale. Pamene ankafika kwa ife patatha sabata, zala zinali zakuda bii, ndipo fungo lake linatulutsa anthu m'chipinda. Bambo Mwale anangomasula, n'kuyang'ana, n'kutumiza ku Boma. Mayiyo anabwerako mkono utadulidwa mmunsi mwa chigongono. Ndinkamuona pa msika akulimbana ndi kubereka mwana, nsonga ina ya chitenje ataigwira ndi mano.

Chaka chimene Yamikani anayamba sukulu

Anandisamutsira ku chipatala chachikulupo cha m'mapiri, kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Dzina lake sindilemba, anzanga ena akugwirabe ntchito komweko. Poyamba ndinali ku wodi ya abambo, kenako kochapira. Namwino wamkulu wa nthawi imeneyo ataona momwe ndinkafinyira mabulangete, anati manja amenewa akuwonongeka kuno, n'kunditumiza ku chipinda cha zikhakha. Ndinakhala kumeneko mpaka mapeto.

Madokotala a mafupa anabwera n'kupita. Wina ankatukwana odwala, wina ankafika masana. Amene ndinagwira naye nthawi yaitali anali a Gondwe, a kumpoto, aatali, olankhula Chichewa chokoka. Ntchito yanga inali kugwira chigongono cha wodwala iwo akamakoka dzanja kuti fupa libwerere m'malo, kenako kunyika mabandeji a chikhakha m'madzi n'kumawapatsira. “Gwirani, a Nambewe,” ankatero, “ngati mbuzi imene yazindikira kuti ikupita ku msika.” Odwala ankaseka, ndipo posekapo iwo ankakoka.

Makina a ekisire analipo, koma anali odwala kuposa odwala athu. Chaka china anazimiratu. Anabwera okonza, n'kuchotsa kachitsulo kena kuti akafune kofanana nako, osabweranso. Tinkauza anthu kuti akajambulitse ku Boma. Ena ankapita. Ambiri ankangovomera, “Chabwino adokotala,” n'kukhotera kumudzi. A Gondwe anayamba kuwongola mafupa ndi zala zokha, mongopapasa. Nthawi zambiri zinkatheka. Koma nthawi zina tikadula chikhakha tinkapeza dzanja litapolera mokhota, ndipo tsiku limenelo a Gondwe sankachita nthabwala.

Chaka chimene Chisomo analemba mayeso a Sitandade 8

Kunabwera makina a sikani, mphatso ya anthu akufuna kwabwino, yoti tizionera ana m'mimba. Anawaika m'chipinda cha kumbali ya amayi oyembekezera, ndipo makiyi ankasunga mayi Chibwana, namwino woyang'anira kumeneko. A Gondwe anapita ku maphunziro ku Lilongwe, n'kubwera ndi nkhani yoti makina omwewo amaonanso fupa. Ine sindinakhulupirire mpaka anandionetsa pa mkono wanga. Amapaka mafuta oterera pakhungu, n'kuikapo kachipangizo konga sopo wa m'manja. Pa galasi fupa limaoneka ngati mzere woyera. Likakhala labwino mzerewo umayenda osaduka. Likathyoka umaoneka ngati mzera wa m'munda umene madzi a mvula audula, mbali ina pamwamba ina pansi. Dokotala amakoka, n'kuyang'ananso, mpaka mbali ziwirizo zikumane. Koma ziyenera kuchitika chikhakha chisanamangidwe, chifukwa sikani siona kudutsa chikhakha.

Mayi Chibwana analola, koma anati makinawo asatuluke m'chipinda. Choncho odwala athu ndiwo ankapita komweko. Mafuta oterera aja atatha, a Gondwe anandiphunzitsa kuphika phala lolowa la ufa wa chinangwa ndi kamchere, n'kulisefa, n'kulithira m'mabotolo. Linkagwira ntchito bwinobwino. Madala ena a ku Ntchisi atalinunkhiza anati, “Ndiye ndiwo zake zili kuti?” A Gondwe atamaliza kuwaona, madalawo anafunsanso, “Mwapeza mapasa kapena mmodzi?” Kwa abambo ndi ana aang'ono, kulowa m'chipinda cha sikani kunali kosekesa basi.

Chipindacho chinali ndi makomo awiri. Lakutsogolo linayang'ana pa khonde pamene amayi oyembekezera ankakhala pamzere. Lakumbuyo linali lokhoma kuyambira kale. M'kati linatsekedwa ndi kabati, kunja kunali mulu wa mabedi othyoka ndi udzu wofika m'chiuno. Palibe amene ankaliganizira.

Lachitatu lija

Bambo ake a Estere anali a Phiri, mkulu wa mpingo kwawo, munthu waukhondo, wa jekete losita. Anafotokoza kuti mwanayo anakwera m'chigafa kukapachika fodya pa mikangala yapamwamba asanapite ku sukulu, ndipo mtengo umene anapondapo unathyoka. Nditamasula chitenje ndinaona dzanja litapindika ngati khasu pa mpini wake, potupa pakuwala.

A Gondwe anagwira chala chachikulu. “Estere, apa ukumva?”

“Pang'ono. Ngati nyerere zikuyenda.”

“Nanga ichi?”

“Ayi.”

Anatembenukira kwa a Phiri. “Bambo, fupa likupsinja mtsempha. Tiliwongole tsopano lino. Latupa kwambiri moti zala zanga sizingandiuze zoona, ndiyenera kuliona pa sikani ndisanamange.”

“Sikani iti? Ija ya azimayi?”

“Yomweyo. Ilibe tsankho.”

A Phiri sanaseke. Anasuzumira pa windo. Lachitatu linali tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera, ndipo khonde la tsidya lija linali lodzaza. Anayang'ana kwa kanthawi, n'kunena motsitsa mawu, “Uyo wa duku lofiirayo ndi Nachisale, wa m'mudzi mwathu. Pafupi nayeyo ndi mpongozi wa mlembi wa mpingo. Adokotala, mwanayu ali m'kalasi la ubatizo. Amayimba kwaya. Ine ndimakhala nawo poweruza milandu ya ana a anzanga. Mukufuna alowe khomo limenelo anthu onsewo akuona?”

“Akuona dzanja, bambo.”

“Inu ndinu mlendo kuno. Mangani momwemo.”

“Ndikamanga osaona, likhoza kupolera mokhota, kapena zala izi kufa. Ndi dzanja lolembera limeneli.”

A Gondwe anathamangira kwa mayi Chibwana kukapempha kuti makina abwere kwathu kamodzi kokha. Anabwerako nkhope itagwa. Mayi Chibwana sanali munthu woipa. Anati tayala limodzi la makinawo ndi logwedera, akagwa pa masitepe chipatala chonse chikhala chopanda maso, ndiponso amayi enawo anachoka kwawo kusanache. Kudikira kuti amayiwo amalize sikukanatheka. Masiku amenewo magetsi ankazima masana, ndipo jenereta inalibe mafuta.

A Phiri anaimirira. “Basi. Ndikukapopa tayala pa msika. Ndikabwera tinyamuka, tipita kwa womanga mafupa wa kwathu. Makolo athu ankachira opanda sikani.” Anatuluka.

A Gondwe anauza mayi ake a Estere kuti iwonso ndi kholo, mawu awo ndi okwanira, koma sawakakamiza. Anatuluka dala kukatenga jakisoni. Tinatsala atatu. Mayiwo, Nabanda, anali munthu wonga ine, wolankhula akuyang'ana pansi. Anandiyandikira n'kufunsa, “Mayi, inu mwakhalitsa pano. Akanakhala wanu mukanatani?”

Pa zaka zonse za ntchito yanga, palibe anandifunsapo funso lofuna kuti ndisankhe. Ndinkangogwira chigongono. Ndinayang'ana khonde lija, ndipo ndinalidziwa bwino. Ndinadziwa momwe maso amayendera, pamimba, kumaso, kenako kwa mnzake. A Phiri sankanama. Koma ndinayang'ananso zala za Estere, zimene zinayamba kutuwa pansi pa utomoni, ndipo ndinaona mayi wa ku Chisepo uja atagwira chitenje ndi mano.

Estere anati, “Mayi, anthu aja andiona.”

Ndinati, “Akuona, mwananga. Koma tiyeni.”

Ndinachotsa chitenje chonse kuti dzanja likhale poyera. Ndinaligoneka pa kathabwa, n'kulinyamula m'mwamba ngati mbale ya chopereka. Tinadutsa pabwalo. Titafika pa khonde ndinakweza mawu, mwina koyamba pa chipatala chimenecho. “Amayi, tipatseniko njira. Mwanayu wathyoka dzanja, tikukaona fupa.”

Anapinda miyendo kuti tidutse. Nachisale anati, “Ha, a Estere! Nanunso mwayamba kuno?”

Nabanda anayankha, “Wagwa m'chigafa, anzanga.”

“Pepani. Zigafa za chaka chino zagwetsa ambiri,” anatero Nachisale akusisita mimba yake, ndipo khonde lonse linaseka.

M'kati, a Gondwe anabaya jakisoni wa dzanzi pamalo pothyokapo. Panatuluka timagazi, ndinapukuta ndi thonje n'kuponya m'beseni. Ndinathira phala langa la chinangwa. Pa galasi mzere woyera uja unali woduka, mbali ina itakwera pa inzake. Ndinagwira chigongono, a Gondwe anagwira zala n'kukoka. Jakisoni sanagwire mokwanira. Estere, amene sanalire njira yonse, anakuwa mawu amene anamveka mpaka ku geti. “Mayo! Amayi, ndikufa ine!”

A Gondwe anapapasa n'kunena kuti zikuoneka ngati lalowa. Anaika kachipangizo kaja. Mzere unali usanakumane, panatsala kasitepe. “Mwaona, a Nambewe? Ndikanamanga pamenepa.” Tinakokanso. Estere anakuwanso, kenako anasanza, ndipo ndinamutchingira beseni lomwe lija. Ulendo uno mzere unakumana. A Gondwe anayang'ana pamwamba pa dzanja, kunsi kwake, ndi m'mbali, monse mzere unali umodzi. Patapita kanthawi anatsina chala chija.

“Ayi, mukundipweteka!”

“Zikomo kwambiri,” anatero a Gondwe. “Mawu amenewo ndi amene ndimafuna.”

Tinamanga chikhakha komweko. Mayi Chibwana anagogoda kuti tifulumire. Ine ndinatenga beseni, muli masanzi ndi thonje la magazi, ndinalivundikira ndi nsalu monga anandiphunzitsira bambo Mwale, n'kutuluka nalo. Nditafika pa khonde, phokoso lonse linatha. Maso onse anali pa nsaluyo. Pambuyo panga panatuluka Estere, wotuwa, mayi ake atamugwira m'chiuno.

A Phiri anatipeza pabwalo. Anayang'ana chikhakha, anayang'ana khonde, anayang'ana mkazi wawo. “Mwachita zimene mwachita,” anatero. “Kwera.”

Lachisanu lomaliza la Epulo

Estere anabwera kudzachotsa chikhakha ndi mayi ake okha, wapansi. A Gondwe anadula, anapinda dzanjalo uku ndi uku, anamuuza kuti afinye zala zawo. Anasangalala ngati mwana. “Lawongoka ngati bango! Mayeso ulemba ndi dzanja lomweli, ndipo ukadzakhala namwino udzandibaye pang'onopang'ono.”

Ndinapita nawo ku mpope kukatsuka khungu lofunduka lija. Kumeneko Nabanda anandiuza zonse. Pofika Lamulungu la sabata yomwe ija, mudzi wonse unkadziwa kuti Estere anakachotsa mimba, ndipo chikhakha chinali chongophimbira. Ena ankati anadzigwetsa dala m'chigafa kuti mimbayo ichoke. Ku mpingo anamuimitsa kalasi ndi kwaya mpaka nkhani ioneke bwino. Ku sukulu anyamata ankalira ngati khanda iye akamalowa, mpaka anasiya kupita. A Phiri anauzidwa kuti ayambe apuma pa udindo wawo. M'nyumba sankalankhula ndi mkazi wawo kupatula kufunsa madzi osamba.

“Ndinapita kwa Nachisale,” anatero Nabanda. “Ndinati, anzanga, dzanja munaliona ndi maso anu. Iye anati, dzanja tinaliona, koma kukuwa tinakumva, ndipo beseni tinaliona. Fupa limatuluka pa beseni?”

Ndinati, “Ndipite ine. Ndikanene pamaso pa mpingo chimene chinali m'besenimo.”

Mawu amenewo anandidabwitsa ine ndemwe. Koma Nabanda anapukusa mutu. “Inu ndiye ayi, mayi. Akuti ndinu amene mumathandiza atsikana pa chipatala pano. Akuti nanunso munayamba muli mwana.”

A Gondwe atamva anati apita okha Lamulungu pa njinga yamoto. Nabanda anawagwadira kuti asatero. A Phiri anali atanena kale kuti aliyense wa ku chipatala akaponda pakhomo pawo, anthu adzati tabwera kudzaphimba mlandu. Anali atakonzanso zoti Lolemba Estere apite ku Lilongwe, kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa msuweni wawo.

Ndinapukuta mkonowo ndi thaulo langa. Unali wowonda, woyera kuposa unzake, koma wowongoka bwino. Estere anatambasula zala, n'kuzipinda, n'kuzitambasulanso.

“Musadandaule, mayi,” anatero. “Dzanja ndiye lili bwino. Ndikachapa nalo.”

Sindinamuonenso. Nabanda ndinakumana naye kamodzi ku chigayo patapita zaka, anandiuza kuti mwanayo ali moyo, ali ndi ana awiri, kwawo sabwera. Ana anga, mukandifunsa ngati ndinayankha bwino funso la Nabanda, sindidziwa. Ndikanati ayi, mwina lero akanakhala ndi dzina lake koma wopanda zala. Ndaziika pa sikelo zaka zonsezi, ndipo sikeloyo siima.

Tsiku limenelo ndisanaweruke ndinapita kwa mayi Chibwana. Ndinaima pakhomo la ofesi yawo mpaka anandiona. Ndinafunsa za kiyi wa khomo lakumbuyo. Anati anasowa iwo asanabwere. Ndinawauza za Estere. Anati, “Mukatha kulitsegula, tsegulani. Koma ine anthu oti akuthandizeni ndilibe.”

Loweruka

Linali tsiku langa lopuma. Ndinadzuka m'mawa, ndinakuphikirani phala, n'kutenga khasu, chikwakwa ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Ndinayambira pa masitepe a chipinda cha zikhakha, kudzera kuseri kwa thanki, kumene munthu wa pa khonde la amayi sangaone. Ndinatchetcha udzu, ndinalima njira yoti anthu awiri ayende mogwirana. Mabedi othyoka ndinawakoka limodzilimodzi n'kuwaunjika ku mpanda. Pansi pa lomaliza panali chisa cha makoswe. M'kati ndinakhuthula kabati ija, n'kuikankha ndi msana mpaka inafika pakona.

Loko anali wadzimbiri. Ndinamumenya ndi chitsulo cha khasu mpaka anagwa. Ndinathira mafuta m'mahinjesi, n'kukankha ndi phewa. Chitseko chinalira, chinakana, kenako chinatseguka. Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa.